Ufa pa Mendulo za aSajeni

Apongozi anga, aPankrasi Ngoma, amene komboni yonse ya Ndeke, kuno ku Kitwe, inkawatchula kuti aSajeni, tinawaika m'manda mvula itangoyamba, ndipo lero patha mwezi. Mkazi wanga Sesiliya ndiye wandiuza kuti ndilembe zimene ndikukumbuka, poti ndine ndinapitako kusukulu ya amishoni kwathu ku Katete. Ndachita mantha, chifukwa zaka zonse zimene ndakhala pakhomo pawo sindinadye nawo mbale imodzi, ndipo polankhula nawo ndinkakhala cham'mbali, maso ali pansi, monga ayenera mkamwini. Ngati pena ndalakwitsa, achibale andikhululukire. Ndilemba zimene ndinaona ndi zimene ndinamva iwo eni akunena.

Munthu wowaona koyamba sakanakhulupirira kuti ndi khansala. M'mawa uliwonse, anthu a shifiti yoyamba ya pamgodi asanatuluke m'nyumba, iwo amakhala ali kale kuseri ndi khasu, atavala kabudula wa khaki, opanda nsapato. Malo a kuseri kwa nyumba za ku Ndeke ndi ochepa, koma iwo anakwanitsamo mizere khumi ndi inayi ya chimanga ndi mtedza, maungu akuyanga pampanda. Mbewu yake anachokera nayo kumudzi kwawo kufupi ndi Chipata, ndipo sankalola kuti isakanizike ndi ya m'sitolo. Zaka zimenezo mkuwa unali ndi mtengo. Anyamata a pamgodi ankagula mawailesi, masuti ndi njinga zatsopano, ndipo ankawaseka akawaona ndi matope m'miyendo. Iwo ankangoyankha kuti mkuwa ulibe mbewu, ukaukumba watha, ndipo tsiku lina anthu omwewo adzabwera kudzafunsa kagwiridwe ka khasu.

Mizere ankaiyendera ngati asilikali pa perete, manja kumbuyo. Nditangokwatira, pofuna kuwasangalatsa, ndinalawirira Loweruka lina n'kuunga mizere itatu. Anabwera, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaitana mwana wawo ine ndili pomwepo.

"Sesiliya, uwauze amuna ako kuti mizere yawo yamwa kachasu."

Anaigumula yonse n'kuyambiranso. Madzulo ake ananditumizira nthutumba ya nkhuku, imene nthawi zonse inali yawo. Sindinadziwe ngati ndakhululukidwa kapena ndikusekedwa, koma ndinadya.

Munthu amene ankakangana naye kwambiri anali wa nyumba yoyandikana nafe, aNgozo. Ameneyu anali Mngoni wa ku Ntcheu, m'dziko la Malawi, mkulu wa mpingo wa Chipresibateriya, munthu wovala tayi ngakhale popita kukataya zinyalala. Anakhala kalaliki pamgodi wa ku Mindolo zaka zambiri. Ufulu utabwera, ntchito yawo inapatsidwa kwa mwana wa dziko lino, nyumba ya mgodi anatulukamo, ndipo anabwera ku Ndeke ndi akazi awo, amake Filimoni, ndi nkhuku zawo. Nkhukuzo ndizo zinali nkhondo.

"ANgozo!" aSajeni ankakuwa pampanda. "Nkhuku za mkulu wa mpingo, koma kuba kwake ngati za wachikunja!"

"Zitengereni kwa ansembe anu zikalape, aSajeni. Paja kwanu munthu amaba lero, mawa n'kukhululukidwa."

Tsiku lina aSajeni anagwira tambala wa aNgozo ali m'kati mofukula mtedza, n'kumumangirira pamtengo wa mango, nalengeza kuti ndi mkaidi wa nkhondo. ANgozo anati akasuma kupolisi. Amake Filimoni ndiwo anabwera, mayi wamfupi wolankhula motsitsa, atanyamula mbale ya zitumbuwa. Anagwada chapatali nati abwera kudzaona wandende. ASajeni anaseka mpaka kutsokomola, ndipo tambala anamasulidwa. Zinkatha choncho nthawi zonse. Amuna awiriwo ankatha miyezi osapatsana moni, koma mayiyu ankadutsa pampanda ngati palibe mpanda.

Za nkhondo sankakonda kukamba. Ndinawamva kamodzi kokha, tikukonola chimanga pakhonde, akuuza Sesiliya, ine ndili kumbali. Anati anali mnyamata wolima, ndipo amesenjala a boma anawapeza akupalira. Khasu analisiya pamzere pomwepo, poganiza kuti abwera madzulo. Anabwera patatha zaka zisanu, atawoloka nyanja yaikulu mpaka ku Burma. Mendulo yaikulu anati anaipeza chifukwa cha kukumba basi. Bomba linagumula ngalande imene anzawo anabisalamo, dothi n'kuwakwirira, ndipo iwo anathamangira pomwepo ndi fosholo zipolopolo zikulira. Mzungu wowalamulira anati kumeneko n'kulimba mtima. Iwo anati sanalimbe mtima ayi, anangomva mawu a mnyamata wa ku Petauke akuitana amake pansi pa dothi, ndipo manja anayamba okha ntchito imene anaizolowera.

Koma chimene chinkawasowetsa tulo sichinali bomba. Anati kunkhondo anaika anthu ambiri, atawakulunga m'bulangete, m'dzenje losafika m'chiuno, popanda wolira ndi mmodzi yemwe, kenaka lipenga n'kulira kuti tiyeni. Anati kufa si kanthu, aliyense adzafa, koma kukwiriridwa ngati galu, anthu ali chete, ndiko sankafuna kuonanso. Atatero anatola chimanga china, ndipo tinapitiriza kukonola mpaka dengu lonse linatha.

Atachoka kunkhondo anapeza munda wawo utapatsidwa kwa wina, choncho anabwera ku Kitwe n'kulowa upolisi wa pamgodi. Anausiya tsiku limene anauzidwa kuti akwapule amayi amene ankachita ziwonetsero. Kuyambira pamenepo anali munthu wa chipani chomenyera ufulu. Ankapalasa njinga kuchoka ku Kitwe mpaka ku Ndola, makalata atawabisa m'thumba la mtedza, ndipo anagonapo m'ndende chifukwa cha zimenezo. Ufulu utabwera anthu anawasankha ukhansala. Madzulo aliwonse ankakhala pakampando pansi pa mango, ndipo anthu ankadzaza pabwalo, wina za mpopi wouma, wina za nyumba, wina za malo pamsika. Ankawakalipira onse, koma m'mawa mwake ankapita kukhonsolo kukawamenyera nkhondo. Mendulo zokha anasiya kuvala. Achinyamata a chipani ankati ndi zitsulo za mfumu ya Azungu, ndipo iwo anaziika m'chitini pamodzi ndi nthanga za maungu.

Tsopano ndifike pa nkhani imene Ndeke imawakumbukira.

Inali nthawi imene makhadi a chipani anavuta. Achinyamata ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa. Mtsogoleri wawo kuno anali Chishimba, Mbemba wa ku Kasama, mnyamata wamtali wosaseka, amene ankayenda ndi chibonga ndi kabuku kolembamo mayina. ANgozo anakana kugula khadi. Anati iwo ndi mlendo m'dziko lino, ndipo sangasaine pepala lonena kuti ndi chimene sali. ASajeni anawauza kuti kuuma mutu kumeneko kudzawapweteka, nakangana mpaka kulekana osatsanzikana.

Patangopita milungu yochepa, amake Filimoni anadwala chibayo n'kumwalira kuchipatala. Uthenga unafika Lachitatu masana. Dzuwa lisanalowe, Chishimba anali ataimika anyamata ake pachipata cha aNgozo, nalengeza kuti aliyense wolowa m'nyumba ya munthu wopanda khadi alembedwa dzina ngati mdani wa chipani. Amayi a mpingo wawo anabwera kuchokera ku Mindolo atavala zoyera, nabwezedwa pamsewu. Anthu ankaopa ntchito zawo ndi malo awo a pamsika. Inenso ndinkaopa, chifukwa ndinali nditangoyamba kumene ntchito yopereka nyale kwa olowa pansi pa mgodi. Lachinayi lonse linadutsa pakhomopo popanda moto, popanda nyimbo, popanda munthu wokhala pabwalo. Tinkangomva mwana wawo wamkazi akulira yekha m'kati, mawu atasasa.

Kumudzi manda amakumba adzukulu. Kuno kumigodi, kumene munthu amafera kutali ndi kwawo, ntchito imeneyo ndi ya chimbuya. Angoni ndi Abemba anamenyana ndi mikondo makedzana, ndipo nkhondo itatha anasanduka anthu onyozana mosakwiyirana. Mbemba amatchula Mngoni kuti mbuya, Mngoninso chimodzimodzi. Ife timawanena kuti amadya anyani, iwo amatinena kuti timadya mbewa. Mngoni akamwalira, Abemba ndiwo amakumba manda, kunyamula bokosi, ndi kupaka ufa kumaso kwa ofedwa uku akuwanyoza kuti aiwaleko chisoni. Mbemba akamwalira, ife a Kum'mawa timabwezera. Ndipo amene wapaka ofedwa ufa ndiye kuti walowa m'maliro, sangachoke mtembo usanaikidwe. Ndiye onani mmene zinalili: anthu amene ankayenera kukumba manda a amake Filimoni ndi omwe anaima pachipata ndi zibonga.

Lachinayi limenelo aSajeni sanadye. Sanagwire khasu. Ankangoyenda kuchoka pamango kufika pampanda, n'kubwerera.

Lachisanu cha m'ma seveni koloko anatuluka m'chipinda atavala jekete yawo ya kukhonsolo, mendulo zonse zili pachifuwa. Anauza apongozi anga aakazi kuti adzaze lichero ndi ufa woyera. Akaziwo anawagwira dzanja.

"Abambo ake Sesiliya, mukudziwa chimene mukutaya?"

"Ndikudziwa. Thirani ufa."

Kenaka anatembenukira kwa ine, ndipo kanali koyamba kundilankhula osadzera mwa mwana wawo. "Mkamwini, piki ndi mafosholo awiri zili kuseri. Ngati mukuopa, khalani, sindikwiya." Ndinkaopa kwambiri, koma kuwakanira ndinkaopa koposa. Ndinanyamula, apongozi anga aakazi n'kutitsatira ndi lichero.

Kuchoka pachipata chathu kufika pa cha aNgozo ndi mapazi ochepa, koma aSajeni anayenda pakati penipeni pa msewu, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. Anthu anatuluka n'kuima m'makomo mwawo. Anyamata a chipani anaimirira. Zonse zinalankhulidwa m'Chibemba, koma ndizilemba m'chinenero chathu.

"AKhansala, mwasochera," anatero Chishimba. "Nyumba yanu ndi iyo."

"Ndikuidziwa. Ndabwera kudzafunsa ngati ku Kasama kwagwa njala."

"Njala yanji?"

"Mngoni wagona tsiku lachitatu osaikidwa. Abemba mwadzaza pachipata, koma palibe amene wabwera ndi ufa. Ndiye ndati kapena anyani munawamaliza m'tchire, mwayamba kudya ufa wa maliro."

Mnyamata mmodzi anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga. Chishimba sanaseke.

"Mdala, ameneyu si Mngoni wanu. Ndi Mnyasa, ndipo alibe khadi."

"Agogo ako pothawa mikondo yathu ankafunsa khadi? Ankaima n'kufunsa kuti wondithamangitsayu ndi wa ku Chipata kapena wa ku Ntcheu?"

"Ndikukulemekezani chifukwa cha imvi. Zitsulo za Azunguzo mwavalira ndani? Mawa dzina lanu likhala kwa akuluakulu a chipani ku Ndola."

"Lipereke. Akulidziwa kale. Ndinkawaperekera makalata panjinga iwe ukadali ndi mamina."

Apa anyamata awiri anasendera pafupi, ndipo ndinaona mmodzi akukonza kagwiridwe ka chibonga. ASajeni analandira lichero kwa akazi awo. Anavula chipewa n'kuchiika pansi. Kenaka munthu wa imvi, khansala, msilikali wa mendulo, anagwada m'fumbi pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo. Bondo lawo lamanzere linali lovulala, ndipo tonse tinalimva likulira. Anakweza lichero ndi manja awiri.

"Ufa ndi uwu, mbuya. Kwanu kulibe, ndakubweretsera wa m'munda mwanga. Gwira ntchito yako."

M'nyumbamo mwana uja anali atasiya kulira. Chishimba anati, "Dzukani." Iwo sanasunthe. Anabwerezanso mokuwa, chibonga chili m'mwamba. Kumenya mkulu wogwada, anthu onse akuona, sakanatha. Kuwasiya agwade choncho sakanathanso. Anayang'ana anyamata ake, anayang'ana anthu m'makomo. Kenaka anasinthira chibonga kudzanja lamanzere, anatapa ufa wodzaza dzanja, n'kuwaponyera kumaso ndi mphamvu zake zonse.

"Nawo ufa wanuwo, odya mbewa inu!"

Ndinali pafupi, ndipo ndikunena zoona kuti sanachite mwamwambo. Unali ukali wokhawokha. Ufa unawalowa m'maso ndi m'kamwa, mendulo zonse zinayera. Koma aSajeni sanapukute. Anatembenuzira nkhope yoyerayo kumsewu, nakuwa ndi mawu a pa perete amene ndinali ndisanawamvepo.

"Mwaona nonse! Mbuya wandipaka! Maliro a amake Filimoni ayamba!"

Woyamba kusuntha anali bana Mwila, ndiye kuti amake Mwila, mayi wachikulire wachibemba wogulitsa kapenta pamsika. Anathamanga chitenje chikukwekwereza pansi, anatapa ufa n'kupaka apongozi anga aakazi, anapakanso ine mpaka m'makutu, akutinena kuti anthu a Kum'mawa timangofa chifukwa chodya makoswe. Kenaka anadutsa pakati pa anyamata aja n'kulowa pachipata akulira mokweza. Amayi ena anatsatira, awiri, asanu, kenaka msewu wonse. Palibe amene anatulutsa kabuku ka mayina. Bana Mwila anatulukanso n'kuima pamaso pa Chishimba, manja m'chiuno.

"Iwe, wayamba ndiwe. Ukufuna amako akamve ku Kasama kuti unapaka ofedwa ufa n'kuthawa manda?"

Ine ndinalibe mtima womupatsa zida m'manja. Ndinangoziika pansi pafupi ndi mapazi ake n'kubwerera m'mbuyo. Anaziyang'ana nthawi yaitali, akupuma ngati wathamanga. Kenaka anaponya chibonga m'ngalande, anatola piki, nauza anyamata ake kuti atenge mafosholo. Sanayang'ane aliyense popita.

ANgozo anatuluka atavala tayi yawo, ndipo bana Mwila anawapaka ufa mpaka pakolala. Munthu amene sankalola kafumbi pa malaya ake anangoima, misozi ikulemba mizere pa ufawo. ASajeni anali atadzuka movutika, atatsamira mpanda. Amuna awiriwo anayang'anana.

"ANgozo, tambala uja anandidyera mtedza aphedwe. Okumba manda adye."

"Aphedwe, aSajeni."

Amake Filimoni anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa litapendeka, bokosi litanyamulidwa ndi anyamata a chipani, amayi a ku Mindolo akuimba kumbuyo.

Pasanathe milungu iwiri kalata inabwera yoitana aSajeni ku Ndola. Anavala jekete yomwe ija, ndipo anakaniza akazi awo kuikuntha. Anabwera madzulo, anavula, anavala kabudula n'kupita kuseri. Zimene anauzidwa kumeneko sanauze munthu. Pachisankho chotsatira dzina lawo panalibe, panali la Chishimba. Anapita kukavota monga mwa masiku onse. Sindinganene kuti sizinawapweteke. Madzulo ankakhalabe pakampando pansi pa mango, nthawi yomwe ija anthu ankabwera, nkhope italoza kuchipata, ndipo masiku ambiri sikunkabwera munthu. Patatha chaka aNgozo anabwerera ku Ntcheu, n'kuwasiyira nkhuku zonse. ASajeni anazimangira khola, ndipo ankazitukwana m'mawa uliwonse pozipatsa madeya.

Chaka chino anadwala ali m'kati mounga mizere, ndipo matenda sanatenge nthawi. Pa maliro awo aChishimba, amene tsopano akukhala kumayadi ku Nkana West, anafika pagalimoto atavala suti. Anatuluka ndi kathumba ka ufa, anagwada pamaso pa apongozi anga aakazi n'kuwapaka pachipumi pang'onopang'ono. "Lero ndabwera ndi wanga, odya mbewa inu," anatero. Kumanda anavula jekete n'kulowa m'dzenje. Anyamata ankafuna kuwalandira piki, iwo anakana mpaka m'manja munatuluka matuza.

Kampando kakadali pansi pa mango, ndipo palibe amene wakhalapo. Mendulo zili m'chitini pamodzi ndi nthanga za maungu, ndipo m'mapindo a nsalu zake mukadali ufa umene unauma. Khasu lawo lili pomwe analitsamiritsa, mpini wake woterera pamene ankagwira. Anasiya mizere isanu ndi inayi, yowongoka ngati yoyezera chingwe, ndipo chimanga chamera bwino. Isanu yotsalayo ndinaiunga ine Loweruka lina m'mamawa, kuti mbewu yawo isachedwe mvula. Ndi yokhota, ndikuiona ndekha. Yakhala choncho milungu itatu tsopano, ndipo palibe wabwera kudzaigumula.